Kabaso ndi Madabodi Yomwe Kunalibe

Mlongo wanga Kabaso ndi munthu amene ukamutuma mchere amabwera ndi mchere, osafunsa kuti ndi wa chiyani. Ine Hilda ndine wamkulu. Ndinamubereka kumbuyo kwangaku ku Kanyama, makolo athu atangofika kumene kuchokera ku Kitwe, choncho ndikamanena za iye ndikunena zomwe ndikuzidziwa. Ali mwana sankalira chisawawa, sanamenyanepo ndi munthu, ndipo sukulu anailekera mu Giredi 9 bambo atamwalira. Lero watsala pang'ono kukwana zaka makumi atatu, ndipo khosi lake ndi lonenepa kuposa mutu chifukwa chosenza matumba.

Bambo athu anali mmisiri womanga nyumba. Mu komboni ngati Kanyama nyumba simangidwa mwezi umodzi. Ukapeza kangachepe umagula mabuloko n'kuwaunjika pakhomo, nkhuku n'kumagonapo. Chaka chamawa ugula felemu la chitseko, kenaka simenti, ndipo malata amabwera pomalizira. Buloko la chaka chino ndi buloko la zaka zisanu zapitazo amagwirana bwinobwino. Felemu likakula umagumula khoma pang'ono, likachepa umadzaza ndi matope. Bambo ankati pang'onopang'ono ndi mtolo. Kabaso anakula akuona zimenezi, ndipo anakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu chilichonse padziko pano chimamangidwa motero.

Ntchito yake ndi ya ku Heavy Industrial Area. M'mawa uliwonse amakaima pa geti la nyumba zosungiramo katundu pamodzi ndi amuna anzake, kudikira kuti kapitawo amuloze chala. Akalozedwa, tsiku lonse ndi matumba a feteleza, shuga, kapena chimanga, kutsitsa m'galimoto ndi kukweza m'galimoto. Mowa samwa. Kubetcha sabetcha. Chomwe chinamugwira mtima kuyambira ali wamng'ono ndi magemu. Ankaima kumbuyo kwa ana a eni ndalama mu kashopu ka magemu pafupi ndi msika, kuyang'ana zala zawo mpaka mwini shopu atamuthamangitsa. Atakula ankalowa yekha n'kulipira, koma kumeneko umasewera mpira umodzi, tiana tikukukoka malaya kuti ba ankolo chokani. Ndiye tsiku lina, titamaliza kudya kwanga ku Mtendere, anati akufuna kumanga kompyuta yakeyake ya magemu, ndi manja ake, monga amachitira anthu m'mavidiyo a pa foni.

Ine ndinaseka mpaka misozi.

"Banzako bagula maploti ku Kabanana," ndinatero, "iwe ufuna kuthamangisa bola ya pa sikirini? Ukwatire, mwaiche."

"Ba sisi," anayankha akuyang'ana m'mbale, "vonse vamene ninyamula ni va banthu. Nifunako chimozi changa."

Sindinamusekenso pa nkhani imeneyo.

Pamenepo ndi pomwe analowererapo mwamuna wanga, Chewe, yemwe ine ndimati bashi Mwenya, kutanthauza bambo a Mwenya, mwana wathu. Iye ali ndi kashopu m'tauni kogulitsa zida za makompyuta, zatsopano pang'ono, zakale zambiri, zomwe amakatenga ku Nakonde. Pakamwa pake ndi pa uchi. Angakugulitse ambulera yobooka n'kukuuza kuti mabowowo ndi olowetsa mphepo, iwe n'kuthokoza. Ndinakwatiwa naye chifukwa cha pakamwa pomwepo, ndiye sindingadzitame kuti ndine wochenjera kuposa makasitomala ake.

Anamugwira Kabaso paphewa.

"Mulamu, osayenda kwina. Mu tauni bazakudya wamoyo. Ine ndine wako, nizakusankhila vonse. Uzigula chimozi chimozi, monga mwamene benze kumangila ba tata bako."

"Nanga madabodi, ba mulamu? Mu vidiyo bakamba ati uyambila pamenepo."

"Ivo ni va ku Amerika. Madabodi ni malata, boyi. Ugula pothela."

Madabodi, kwa amene sakuidziwa monga ine ndinalili, ndi bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta pomwe zida zina zonse zimabayidwa. Kabaso anamva dzina la bambo, anamva malata, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zinatenga zaka zitatu. Choyamba anagula ramu, timitengo tiwiri tobiriwira totalika ngati chipeso. Patapita miyezi anagula fani yoziziritsa. Kenaka kesi, bokosi lakuda lachitsulo lomwe zonse zimakhalamo. Kenaka girafiki khadi, yomwe akuti ndiyo imajambula zithunzi za gemu. Chinthu chimodzi chokha ndi chomwe anakakamira yekha, purosesa. Anaiona m'vidiyo, analemba dzina lake pa kapepala, ndipo bashi Mwenya atayesa kumupatsa ina, iye anangoti, "Iyayi ba mulamu, ni yamene iyi." Chaka chimenecho nsapato za kuntchito ankazimanga ndi waya.

Chipinda chake ku Kanyama chimalowa madzi mvula ikagwa, choncho katundu yense ankasungidwa kwanga, pamwamba pa wadiropu. Lamulungu lililonse akachoka ku tchalitchi ankakwera mabasi awiri kudzadya nafe. Akasamba m'manja ankatsitsa katunduyo, kupukuta chimodzichimodzi ndi kansalu, kutembenuza purosesa ija n'kumayang'ana timano take tagolide ngati mayi woyang'ana mkamwa mwa khanda. Akatha, ankabwezera zonse pamalo pake. Mlamu wake akalowa, Kabaso ankamupatsa moni ndi manja awiri. Bashi Mwenya akafika ndi makatoni kuchokera ku Nakonde, ndi Kabaso amene ankathamangira ku siteshoni kukawasenza mpaka ku shopu, ndipo akapatsidwa ya basi ankakana. Ankati pa chibale salipirana.

Nthawi ya malata itakwana, malatawo anayamba kuvuta.

"Madabodi yako ili mu njila, mulamu."

Mwezi unatha.

"Baigwila pa boda, uziba vamene bachita baja."

Miyezi itatu.

"Yamene inabwela siinanikondwelese, naibweza. Iwe nifuna nikupezele yabwino."

Kabaso ankangogwedeza mutu n'kuthokoza. Miyezi isanu ndi itatu inatha choncho. Ndiye inafika nthawi yake yolandira chilimba, ndalama zomwe iye ndi anzake a kuntchito amasonkherana mosinthana, mlamu wake ali ku Nakonde. Loweruka m'mawa ndinangoona munthu pakhomo, wavala malaya a ku tchalitchi.

"Ba sisi, nipelekezeni kuli ba Firdaus. Nifuna ba mulamu bakabwela bapeze yayaka. Bazakondwela."

Firdaus amakonza mafoni ndi makompyuta pa msika wa Mtendere. Ndi mwana wa a Hatibu, telala wachisilamu yemwe makolo ake anachokera ku Mangochi. Ndi mkazi wosalankhulalankhula, mpango kumutu, magalasi pamphuno, ndipo akakuuza kuti foni yako yafa umangopita kukagula ina. Tinanyamula katundu yense mu chikwama chachikulu, kesi ndinaisenza ine pamutu. Kabaso ankayenda patsogolo ngati mkwati.

Firdaus anayala nsalu pa tebulo n'kuika zinthu zija mwa ndondomeko. Anatenga purosesa, kuwerenga tizilembo take, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anatenga ramu, kuiyang'ana, kuyang'ananso purosesa. Anatembenuza fani. Anatsegula kesi n'kusuzumiramo nthawi yaitali.

"Ba Kabaso, ivi vinthu munagula pamozi?"

"Iyayi, chimozi chimozi. Yasala chabe madabodi. Nisankhileni yochipa koma yolimba."

Firdaus anatsitsa mabokosi awiri pa shelefu. M'loyamba munali madabodi yatsopano. Anamuonetsa kabwalo ka makona anayi pakati pake, kodzaza timabowo.

"Iyi ni soketi, mupando wa purosesa. Purosesa iliyonse ili na mupando wake. Yanu ikhala apa bwino bwino, na girafiki khadi yanu ingena. Manje onani."

Anatenga ramu ija n'kuiika pa mpata wake wautali. Sinalowe. Pansi pa ramu pali kampata kakang'ono, ndipo mu madabodi muli kamtunda komwe kayenera kulowa mu kampatako. Ziwirizi zinasemphana pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa chikhadabo.

"Ramu yanu ni DDR3, yakudala. Purosesa yanu isebenza chabe na DDR4. Fani yanu ni ya mupando wa kampani inangu, tumiyendo twake situfika. Na kesi iyi inachoka mu ofesi, mabowo ya masikuluwu yali pa malo yake yake."

Kabaso anawerama n'kuyang'anitsitsa. Ndinaona mwana wa mmisiri akuyeza ndi maso.

"Yasiyana chabe pang'ono," anatero. "Ngati tasenda na failo, singangene?"

Firdaus sanaseke, ndipo ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha zimenezo.

"Si buloko iyi, ba Kabaso. Mukasenda, ingangene, koma mukayasha muzashoka vonse, vizapsa. Kaja kampata banakaika dala kuti munthu asalakwise."

Kenaka anatsegula bokosi lachiwiri. Munali madabodi yakale, yochotsedwa mu kompyuta ya mu ofesi. Ramu inalowa, thwa. Fani inakwana. Mu kesi inakhala ngati inabadwiramo. Nkhope ya Kabaso inawala. Anatenga purosesa yake ija ndi zala ziwiri, koma Firdaus anamugwira dzanja.

"Iyo singangene apa. Mupando ni winangu."

"Nanga yamene ilandila vonse ni iti?"

"Kulibe."

"Mu tauni?"

"Kulibe mu tauni, kulibe ku Nakonde, olo mupite ku Dubai. Sibanaipangepo. Madabodi si yothela, ndiye faundesheni. Muyamba kusankha purosesa na madabodi pamozi, vinangu vonse vikonkha pamenepo."

Pa msika panali phokoso la masiku onse, wailesi ya wogulitsa nyimbo, mawilibala, amayi a tomato. Kabaso anangoima, purosesa ili m'manja.

Firdaus anamuuza mosabisa zomwe akanatha kuchita. Akatenga yakaleyo, iye amusinthira purosesa yake ndi ina yakale, kompyuta iyaka tsiku lomwelo, koma magemu atsopano azidzayenda motsimphina ndipo sadzatha kuwonjezerapo kanthu. Akatenga yatsopanoyo, purosesa ndi khadi zipulumuka, koma ramu, fani ndi kesi ataye, ayambirenso kusenza matumba. Atatha kufotokoza anafunsa funso lomwe ine ndinkaliopa.

"Ni ndani anakugulisani ivi?"

"Ni ba mulamu. Bali na shopu mu tauni."

"Munthu ogulisa maspeya sangalakwise so," anatero Firdaus pang'onopang'ono. "Ni monga ogulisa nsapato akupaseni zibili za ku lefuti."

Atanena zimenezi anakumbukira kuti mlamuyo ndi mwamuna wa ndani. Anandiyang'ana kamodzi n'kuyamba kupinda nsalu yake.

Kabaso sanagule kanthu tsiku limenelo. Analongedza zonse mosamala monga mwa masiku onse. Tili m'njira anati, "Nizayamba nabafunsa. Kapena banalakwisa chabe, bali na vinthu vambili mu mutu." Mtima wanga unawawa koopsa. Munthu amudyera masuku pamutu zaka zitatu, iye akufunafunabe pomuikira kumbuyo womudyerayo.

Bashi Mwenya anafika Lamulungu masana, tikumaliza kudya. Kabaso anadikira kuti mlamu wake asambe, adye, amwe madzi. Kenaka anayala zinthu zija pa tebulo, n'kufotokoza zonse zomwe Firdaus ananena, mawu ali pansi, manja ali pa maondo.

Ndinkayembekeza kuti mwamuna wanga achita manyazi, kapena anama bodza lina. Bodza likanakhala ulemu. Iye anatsamira pa mpando n'kuyamba kutokosa m'mano.

"So unayenda kuli ka mukazi ka pa maliketi? Ine ninakuuza ati osayenda kwina."

"Ba mulamu, nifunsa chabe. Madabodi yamene yenze mu njila, yenze iti?"

"Mulamu, tiye tikambe zoona. Pali chinthu chakufa apa? Ramu isebenza. Fani izunguluka. Kesi ilibe na dzimbili. Sininakugulise chakufa olo chimozi."

"Koma sivigwilizana."

"Wamene anasokoneza ndiwe, na purosesa yako ya mu vidiyo. Sembe unamvela ine, sembe ninakupezela kamadabodi kakudala, wasewela tumagemu twako, wakondwela. Munthu onyamula masaka afuna mashini ya ma bwana ya chani?"

Ine ndinaimirira, mbale ili m'manja.

"Bashi Mwenya, mulibe nsoni? Uyu mwana amakunyamulilani makatoni mahala!"

Anatembenuka n'kundiyang'ana, akumwetulira.

"Bana Mwenya, lelo ndiye mwadabwa? Si imwe mwenze apa pamene nenze kukamba pa foni? Mulamu, bafunse ba sisi bako."

Apa ndiye pofunika ndinene zanga, poti nkhani ya Kabaso singathe popanda izo. M'chaka chachiwiri, tsiku lina ndikusita zovala, mwamuna wanga ankalankhula pa foni ndi mnzake wa bizinesi. Ndinamumva akuti ma DDR3 aja omwe anakhalitsa pa shelefu wawachotsa, ndi kesi ya mu ofesi ija yomwe. Anati ali ndi kasitomala wa m'nyumba, wosafunsa. Ndipo anaseka. Atadula foni ndinamufunsa kuti kasitomala wa m'nyumbayo ndani, iye anati za ku shopu ndimusiyire. Ndinapitiriza kusita. Pokwatiwa, banachimbusa, alangizi a ukwati, anandikhazika pa mphasa usiku ndi usana kundiphunzitsa kuti za m'nyumba sizituluka, mkazi amaphimba mwamuna wake ngakhale kwa abale ake. Ndinadziuza kuti ine za makompyuta sindizidziwa, ndipo ndi zoona, DDR3 sindinkaidziwa. Koma kaseko ka mwamuna wanga ndimakadziwa. Lamulungu lotsatira Kabaso anabwera, anatsitsa katundu wake, anapukuta, ine n'kumuwonjezera ndiwo. Ndinkafuna kusunga banja, ndinkafunanso kusunga mlongo, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Kabaso sanayang'anenso mlamu wake. Anayang'ana ine.

"Ba sisi, mwenze kuziba?"

"Sinenze kuziba bwino bwino," ndinatero. Ndi yankho loipa kuposa onse omwe ndinayankhapo pa moyo wanga.

Anagwedeza mutu kawiri, ngati kapitawo wamuuza kuti lero ntchito kulibe. Anatenga purosesa ndi girafiki khadi, kuzikulunga mu malaya ake a m'kati, kuziika mu pulasitiki. Ramu, fani ndi kesi anazisiya pa tebulo pomwepo. Anathokoza chifukwa cha chakudya, monga amachitira nthawi zonse, n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko. Ndikanakonda akanamenyetsa.

Zotsatira ndinazimva kwa Firdaus, poti mwini wake sanandiuze. Lolemba lake anajomba kuntchito n'kupita pa msika. Anakhala pa benchi pafupifupi ola lathunthu, akufunsa mafunso omwe sanafunsepo zaka zitatu: soketi yake ndi iti, ramu yake ndi ya mtundu wanji, mipata ya ramu ndi ingati, idzalola purosesa yaikulupo m'tsogolo kapena ayi, ikafa msanga angaibweze. Chilichonse chomwe Firdaus wayankha, iye ankachiyang'ananso pa bokosi, kenaka pa foni. Firdaus anati sanakhumudwe, munthu wolumidwa ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe. Anasankha yatsopano ija, yopanda timagetsi tokongoletsa, ya mipata inayi ya ramu. Anapita nayo ku Kanyama, n'kukhoma shelefu pafupi ndi denga kuti madzi asaifike.

Zinamutengeranso miyezi isanu ndi iwiri. Ramu imodzi yoyenera, fani yoyenera, kesi yakale koma ya mabowo oyenera. Pa miyezi yonseyo sanaponde pakhomo panga. Foni ankayankha, mwaulemu, mawu atatu kapena anayi. Bashi Mwenya anabwezera zinthu zija pa shelefu ku shopu, ndipo makatoni ake tsopano amasenza a mawilibala, kwa ndalama. Amadandaula kuti mlamu wake ndi wosayamika. Ndikadali naye m'nyumba, ndimamuphikira, koma akayamba kuseka pa foni ndimatuluka panja.

Tsiku lina ndikugula sopo pa msika, Firdaus anandikodola.

"Yayaka," anatero. "Anamanga eka, ine nenze chabe kuyangana. Pamene sikirini inawala ananipasa moni kabili."

Lamulungu lake ndinaphika nkhuku, kuika mu kontena, kukwera mabasi awiri mpaka ku Kanyama. Inali nthawi ya mvula, ndinadumphadumpha pa miyala ndi matayala oikidwa m'madzi mpaka pakhomo pake. Chitseko chinali chotsegula, katani yotchinga. M'kati munkamveka khamu la anthu likukuwa m'bwalo la mpira, ndi mluzu wa oimbira.

Ndinaodira. Phokoso lija linaima. Kabaso anatuluka, anandipatsa moni ndi manja awiri, analandira kontena n'kuthokoza. Analowa, n'kutuluka ndi kampando, kukaika pa khonde pouma. Iye anakhala pa buloko. Anafunsa za Mwenya ndi sukulu yake. Anandiuza kuti feteleza wachuluka kuntchito, kuti madzi chaka chino sanafike pa bedi. Anaonda pang'ono, koma maso ake anali owala.

"Namvela ati yayaka," ndinatero.

"Yayaka, ba sisi."

"Isebenza bwino?"

"Maningi."

Ndinadikira. Iye ankayang'ana madzi a pa njira.

"Ningaioneko?"

Anamwetulira mwaulemu, monga amamwetulira kwa kapitawo.

"Mukati simuli bwino lelo, sininapyange, fumbi ili paliponse. Siku inangu."

Anandiperekeza mpaka pokwerera basi, akundigwira dzanja pa miyala yoterera. Chaka chatha tsopano, ndapitako kanayi, ndipo ulendo uliwonse kampando kamatuluka panja. Kompyuta ya mlongo wanga ndimangoimva kuseri kwa katani.